Ngati munthu anapulumutsidwa, n'chifukwa chiyani akuchimwabe?

Mphunzitsi wa kalasi, Nathenje

Moni abambo, amayi ndi abale onse a pa gulu lino. Ndimaphunzitsa achinyamata amene akukonzekera kulowa mpingo, ndipo pakali pano tili pa phunziro la kugwa kwa munthu ndi chipulumutso. Mnyamata wina wa Fomu 3 wandifunsa zinthu ziwiri zimene ndikupempha kuti tithandizane, pakuti mutu umodzi susenza denga. Choyamba, akuti ngati uchimo unalowa m'dziko kudzera mwa Adamu monga momwe Paulo akunenera pa Aroma 5:12, iyeyo analakwa chiyani kuti abadwe ali kale pa mlandu? Chachiwiri, akuti achimwene ake anapita kutsogolo pa msonkhano wachitsitsimutso nalengeza kuti apulumutsidwa, koma chaka chisanathe anabwerera ku mowa ndi bodza lomwe lija. Akufuna kudziwa ngati chipulumutsocho chinali chonama kuyambira pachiyambi, kapena chinali chenicheni koma chinatha mphamvu.

Mkulu wa mpingo, Kongwe

Aphunzitsi, mnyamatayo musamudzudzule, chifukwa mafunso otere amafunsa munthu amene akumvetsera. Katekisimu wa Heidelberg, amene analembedwa m'chaka cha 1563 ndipo anatifika ife a Sinodi ya Nkhoma kudzera mwa amishoni a Dutch Reformed Church amene anayamba ntchito ku Mvera mu 1889, amagawa chiphunzitso m'magawo atatu: kukula kwa tchimo ndi tsoka la munthu, njira imene munthu amawomboledwera, ndi moyo woyamika Mulungu chifukwa cha chiwombolocho. Ntchito zabwino zinaikidwa kumapeto monga chiyamiko, osati kumayambiriro monga malipiro, ndipo amene wasokoneza dongosolo limeneli wasokoneza uthenga wonse.

Pa funso loyamba, sitikulangidwa ngati anthu ongodutsa amene agwidwa pa mlandu wa eni ake. Chimene tinalandira kwa Adamu ndi chibadwa chopotoka, ndipo aliyense wa ife amachivomereza ndi zochita zake akangoyamba kuzindikira zinthu. Palibe kholo limene limakhazika mwana pansi n'kumuphunzitsa kunama kapena kumana mnzake chakudya, komabe mwana aliyense amazidziwa. N'zimene Davide akuvomereza pa Masalmo 51:5. Mnyamatayo awerengenso Aroma 5 mpaka kumapeto, adzaona kuti lamulo lomwe likumudandaulitsalo, loti zochita za munthu mmodzi zikhudze ambiri, ndi lomwelonso limene likumupatsa chilungamo cha Khristu chimene sanachigwirire ntchito.

Pa funso lachiwiri, tisiyanitse kuyesedwa wolungama ndi kuyeretsedwa. Kuyesedwa wolungama kumachitika kamodzi, pamene Mulungu afafaniza mlandu chifukwa cha imfa ya Khristu. Kuyeretsedwa ndi ntchito ya moyo wonse. Amene analimapo munda wa nansongole amadziwa kuti mundawo ukhoza kukhala wako ndithu, koma mizu ili pansi ndipo mvula ikangogwa imaphukanso, kotero khasu silipuma. Paulo yemweyo, pa Aroma 7:19, akudandaula kuti chabwino chimene akufuna sachichita.

Mayi wa gulu la mapemphero, Ndirande

Abambo a ku Kongwe, ndawerenga mwaulemu zonse zimene mwalemba, koma ndinene mosapsatira mawu kuti chiphunzitso chotere chagonetsa tulo anthu ambiri m'matchalitchi. Munthu akamva kuti adzachimwabe mpaka kufa, amaleka kulimbana ndi tchimo, n'kumangodikira Mgonero wotsatira. Ambuye anauza Nikodemo pa Yohane 3:3 kuti munthu ayenera kubadwanso, ndipo Nikodemoyo sanali chidakwa, anali mphunzitsi wa Israyeli wodziwa Malemba kuposa tonsefe. Pa 2 Akorinto 5:17 akuti amene ali mwa Khristu ndi wolengedwa watsopano, zakale zapita. Ambiri ali ndi khadi la ubatizo ndi yunifomu yochapa bwino, koma mukawafunsa tsiku limene anakumana ndi Yesu amakuyang'anani modabwa.

Za achimwene a mnyamatayo, ine ndikuona kuti analandira Yesu koma sanamasulidwe. Mufufuze bwino, mudzapeza kuti bambo awo kapena agogo awo analinso omangidwa ndi mowa. Pa Eksodo 20:5 Mulungu akunena kuti amalanga ana chifukwa cha mphulupulu za makolo kufikira mbadwo wachitatu ndi wachinayi. Temberero lotere limafuna kusala kudya ndi pemphero la kumasula.

Katekisiti, Mua

Ndikupempha kuti ndiikepo mawu monga Mkatolika, popeza gulu lino ndi la tonse. Mpingo wathu umaphunzitsa kuti ubatizo umachotsadi tchimo lobadwa nalo, ndipo n'chifukwa chake timabatiza makanda. Koma Msonkhano waukulu wa mabishopu a Katolika wa ku Trent, mu 1546, unanenanso momveka kuti mwa munthu wobatizidwa mumatsala chilakolako chokokera ku tchimo. Chilakolakocho pachokha si tchimo ngati munthu sakuchivomera, chinasiyidwa kuti tilimbane nacho mothandizidwa ndi chaulere cha Mulungu, chimene ena amati chisomo. Apa ndi pamene timasiyana pang'ono ndi abale athu a CCAP, amene amachiwerengera chilakolakocho kuti ndi uchimo ndithu ngakhale mlandu wake unakhululukidwa.

Kwa ife funso loti unapulumutsidwa liti lilibe yankho la tsiku limodzi. Tinapulumutsidwa pa mtanda, tikupulumutsidwa lero, ndipo tikuyembekeza kudzapulumutsidwa tikapirira mpaka kumapeto, monga Paulo akulangizira pa Afilipi 2:12 kuti tigwire ntchito ya chipulumutso chathu ndi mantha ndi kunthunthumira. Munthu akagwa m'tchimo lalikulu mwadala amataya chaulere chija, koma khomo la sakramenti la kulapa ndi lotsekula. Choncho mnyamatayo angauzidwe kuti kutembenuka kwa achimwene ake kukhoza kukhala kunali koona, ndipo kugwa kwawo n'koonanso.

Wophunzira zaubusa, Zomba

Makolo anga mu Ambuye, ndine wamng'ono pakati panu, koma ndiloleni ndikumbutse kuti funso loyamba la mnyamatayu linagwedeza mpingo zaka 1,600 zapitazo, ndipo mkanganowo unaweruzidwa mu Africa momwe muno. Pelagius, munthu wa ku Britain wa makhalidwe odziletsa kwambiri, anakhumudwa ndi ulesi wa Akhristu a ku Rome. Iye ndi omutsatira ake ankaphunzitsa kuti tchimo la Adamu linavulaza Adamu yekha, kuti ife timangotengera chitsanzo choipa, ndiponso kuti popeza Mulungu analamula kuti tikhale oyera, ndiye kuti mphamvu yotero tili nayo. Augustine, bishopu wa ku Hippo, mzinda umene lero ndi Annaba m'dziko la Algeria, anayankha kuti chifuniro cha munthu n'chodwala ndipo sichingadzichiritse chokha. Msonkhano wa mabishopu ku Carthage unakana chiphunzitso cha Pelagius mu 418, ndipo wa ku Orange mu 529 unawonjezera kuti ngakhale chiyambi chenicheni cha chikhulupiriro ndi mphatso ya chisomo. Palibe aliyense pa gulu lino amene angadzitche wotsatira Pelagius, komabe maulaliki ambiri a pa maliro, amene amangoti konzani moyo wanu kuti mukalowe kumwamba osatchula mtanda ngakhale kamodzi, ndi ake ndithu.

Amayi a ku Ndirande, nkhawa yanu yoti anthu akugona ndi yomwe inali nkhawa ya Pelagius, ndipo ndi nkhawa yoyenera ngakhale yankho lake linali lolakwika. Koma pa za temberero la makolo ndikusiyana nanu. Pa Ezekieli 18 Aisrayeli ankanena mwambi woti makolo anadya mphesa zosapsa koma mano amene akuvutika ndi a ana, ndipo Mulungu anawaletsa kunenanso mwambiwo, nati mwana sadzasenza mphulupulu ya atate wake. Pa Agalatiya 3:13 akuti Khristu anatiwombola ku temberero posanduka temberero m'malo mwathu. Tchimo lobadwa nalo ndi la anthu onse mofanana, mwana wa m'busa ndi mwana wa sing'anga. Chiphunzitso cha matemberero a m'banja chimagawa anthu kuti mabanja ena ndi odetsedwa kuposa ena, ndipo kumidzi chimathera pa kuloza chala agogo okalamba amene alibe owateteza.

Mayi wa gulu la mapemphero, Ndirande

Mwana wanga wa ku Zomba, mavesi amenewo ndikuwadziwa ndipo sindikuwakana. Za kuzunza nkhalamba ndikugwirizana nanu kuti n'zoipa, ndipo gulu lathu silichita nawo. Koma mundiuze chifukwa chimene m'banja limodzi mumapezeka agogo, bambo ndi mwana onse ataphedwa ndi kachasu, pamene banja loyandikana nalo palibe ndi mmodzi yemwe. Maso athu akuona zimenezi tsiku ndi tsiku.

Namwino, Leeds

Amayi, zimene mukuonazo n'zoona, ndipo ife a chipatala timazionanso kuno ku England. Kumwa mwauchidakwa kumayendadi m'mabanja, mbali ina chifukwa cha zimene mwana amatengera m'thupi kuchokera kwa makolo, mbali ina chifukwa cha zimene amaona pakhomo akukula. Kwa ine zimenezi sizitsutsana ndi Malemba, pakuti pa Aroma 8:22-23 Paulo akunena kuti chilengedwe chonse chikubuula, ndipo ife amene tili ndi Mzimu tikubuulanso podikira chiwombolo cha matupi athu. Ndiye kuti thupi la munthu wopulumutsidwa silinawomboledwe kotheratu, likadali m'dziko lakugwa, limadwala, limazolowera zoipa, ndipo lidzafa.

Ndichenjezepo chinthu chimodzi chimene alaliki ambiri sachidziwa. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse kwa zaka zambiri, akasiya mwadzidzidzi akhoza kuyamba kunjenjemera, kubwebweta, kuona zinthu zomwe palibe, kugwa ngati wakhunyu, ngakhale kufa kumene. Zizindikiro zimenezi nthawi zina zimatengedwa ngati chiwanda chikutuluka, pamene munthuyo akufunika chipatala mwamsanga. Mupempherereni ndithu, koma mupite nayenso kwa dokotala. Ndipo akagwanso musafulumire kulengeza kuti sanapulumutsidwe, chifukwa manyazi otere ndi amene amamubwezera ku botolo.

Mlembi wa mu ofesi, Lilongwe

Akuluakulu, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma ndaona kuti tikamakamba za tchimo timathamangira ku mowa ndi chiwerewere, machimo amene ambiri a ife tingathe kuwaloza mwa anzathu. Ine langa ndi lina. Kumene ndimagwira ntchito ndi chizolowezi kusainira alawansi ya msonkhano umene sunachitike kapena umene munthu sanapiteko, ndipo amene wakana amaonedwa ngati kazitape wofuna kugwiritsa anzake. Akuluakulu ena amene amayendetsa zimenezi ndi omwe amatsogolera mapemphero a m'mawa mu ofesimo. Malipiro anga amatha mwezi usanafike pakati, ndipo ndili ndi ana a malemu achemwali anga amene ndikuwalipirira sukulu. Tsono ndikufunsa kuti chipulumutso cha munthu payekha chimatanthauza chiyani pamalo pamene tchimo si chisankho cha munthu mmodzi koma ndi momwe zinthu zimayendera. Kodi chisomo chimaphimba zimenezi popeza dziko ndi lakugwa kale, kapena ndine wachinyengo pamene ndikuyandikira gome la Ambuye?

Mkulu wa mpingo, Kongwe

Achimwene, mwachita bwino kutibweza pa nkhani yeniyeni. Sindikunamizani kuti chisomo ndi chilolezo, pakuti Paulo anafunsa yekha pa Aroma 6:1 ngati tipitirize kuchimwa kuti chisomo chichuluke, ndipo anakana kwamtuwagalu. Dziko lakugwa limafotokoza chifukwa chimene yesero lanu lili lolemera, koma dzanja limene limagwira cholembera ndi lanu.

Taonani kuti Malemba anakumana kale ndi anthu a mu ofesi ngati yanu. Okhometsa msonkho a nthawi ya Aroma ankapeza phindu lawo polipiritsa anthu mopitirira muyeso, ndipo aliyense ankadziwa kuti ntchitoyo imayenda choncho. Atabwera kwa Yohane Mbatizi pa Luka 3:12-14, iye sanawauze kuti asiye ntchito, anawauza kuti asalipiritse koposa zimene analamulidwa, ndipo asilikali anawauza kuti akhutire ndi malipiro awo. Pa Luka 19 Zakeyu, mkulu wa okhometsa msonkho ku Yeriko, analonjeza kupereka theka la chuma chake kwa osauka ndi kubwezera kanayi aliyense amene anamubera, ndipo Ambuye anati lero chipulumutso chafika pa nyumba imeneyi. Koma tsatirani dongosolo la nkhaniyo. Yesu anayamba ndi kumuitana ndi dzina ali mumtengo ndi kudziitanira yekha kunyumba kwake, Zakeyu asanabweze khobidi ndi limodzi lomwe. Kubwezako sikunagule chipulumutso, kunaonetsa kuti chalowadi m'nyumbamo. Kuvutika mumtima kumene mwalembaku si chizindikiro cha munthu wotayika, pakuti wakufa mu uchimo samva kuwawa.

Mayi wa gulu la mapemphero, Ndirande

Apa pokha, abambo, ndikuti ameni ndi mtima wonse. Kubadwanso kumene sikufika m'thumba la munthu ine sindikukhulupirira.

Wophunzira zaubusa, Zomba

Pali chitsanzo cha pafupi nafe. Chitsitsimutso cha kum'mawa kwa Africa, chimene chinayambira ku Gahini m'dziko la Rwanda m'zaka za m'ma 1930 n'kufalikira ku Uganda, Kenya ndi Tanganyika, chinadziwika ndi zinthu ziwiri, kuulula machimo poyera pakati pa abale ndi kubweza zakuba. Anthu amene ankatchedwa Balokole ankabwezera ndalama ndi katundu kwa mabwana awo ndi kwa anansi awo, ngakhale pamene mwini wake sankadziwa kuti anaberedwa. Janani Luwum anatembenuka mtima kudzera m'chitsitsimutso chimenechi mu 1948 ali mphunzitsi, ndipo atakhala Arkibishopu wa mpingo wa Anglican ku Uganda anadzudzula nkhanza za boma la Idi Amin mpaka kuphedwa mu February 1977. Ndikutchula zimenezi chifukwa ena amanena kuti kulalikira chipulumutso cha munthu payekha kumachititsa Akhristu kusalabadira zoipa za m'dziko. Nthawi zina zimaterodi, makamaka pamene uthengawo wathera pa kukweza dzanja ndi kubwereza pemphero. Koma ofesi imene achimwene akunena siingasinthe pokhapokha mutapezeka munthu woyamba kukana.

Katekisiti, Mua

Pa nkhani ya kubweza tonse tili pamodzi. Kwathu munthu amene waulula tchimo la kuba kwa ansembe ayenera kukhala ndi mtima wobweza monga momwe angathere, apo ayi kulapa kwake sikunakwanire. Ndikufuna kungobwerera pa mawu a abambo a ku Kongwe oti kuyesedwa wolungama kumachitika kamodzi. Ngati ndi choncho, nanga chenjezo la pa Ahebri 6:4-6, lonena za anthu amene anaunikiridwa nalawa mphatso yakumwamba kenako n'kugwa, linalembedwera ndani?

Mkulu wa mpingo, Kongwe

A katekisiti, chenjezolo ndi lolemera ndipo sindilipeputsa. Ife timaliwerenga pamodzi ndi Yohane 10:28-29, pamene Ambuye akunena kuti palibe amene adzakwatule nkhosa zake m'dzanja lake, ndiponso 1 Yohane 2:19, pamene akuti amene anatuluka sanali a ife kuyambira kale. Sinodi ya mipingo ya Reformed ya ku Dort m'dziko la Netherlands, imene inakumana mu 1618 ndi 1619 poyankha otsatira a Arminius, mphunzitsi wa zaumulungu wa m'dzikomo, inavomereza kuti wokhulupirira weniweni akhoza kugwa moipa monga anachitira Davide ndi Petro, koma Mulungu samusiya kuti atayike kotheratu, ndipo machenjezo oterewa ndi njira imodzi imene amamusungira. Ndikudziwa kuti John Wesley ndi a Methodist, komanso mipingo yambiri ya Chipentekoste, amagwirizana ndi inu kuti munthu akhoza kutaya chipulumutso. Sitimaliza lero mkangano umene wakhalapo zaka 400. Komabe pochita ndi munthu amene wagwa timafanana, chifukwa ifenso tikamuimika pa Mgonero cholinga chake n'chakuti alape ndi kubwezedwa, osati kumutaya.

Wophunzira zaubusa, Zomba

Ndingowonjezera kuti pa funso la momwe munthu amayesedwera wolungama mipingo yayandikirana kuposa momwe ambiri akudziwira. Pa 31 October 1999 ku Augsburg m'dziko la Germany, Mpingo wa Katolika ndi bungwe la mipingo ya Lutheran pa dziko lonse lapansi anasainirana chikalata chovomereza pamodzi kuti timalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito ya Khristu, osati chifukwa cha kuyenera kwathu, ndipo kuti Mzimu Woyera amatikonzanso mtima ndi kutiitanira ku ntchito zabwino. A Methodist anachivomereza mu 2006, ndipo bungwe la mipingo ya Reformed pa dziko lonse lapansi linatero mu 2017. Kusiyana pa za sakramenti la kulapa ndi pa za kutaya chipulumutso kukadalipo.

Mlembi wa mu ofesi, Lilongwe

Ndathokoza nonse. Zoleka kusainira ndazimva, ndipo ndikudziwa kuti zindidanitsa ndi anthu. Chimene chikundivutabe ndi kubweza. Zakeyu ankadziwa anthu amene anawabera ndipo anali wolemera. Ine ndalamazo ndinadya kalekale, sindingathe kuziwerengera bwinobwino, ndipo ndikapita kukaulula kwa akuluakulu ndigwetsa anzanga amene sanandituma kuti ndiwaululire. Kodi ndingapereke ndalamazo ku tchalitchi monga chopereka chapadera?

Katekisiti, Mua

Ayi achimwene, ku tchalitchi musapereke, chifukwa tchalitchi si chimene munachibera, ndipo chopereka chotere chingakupatseni ulemu pa ndalama za eni ake. Chakuba chimabwerera kwa mwini wake ngati njira ilipo. Khalani pansi muwerengere moona mtima kuchuluka kwake monga momwe mungakumbukire, ndipo pamene mukukayika muwerengere mokweza osati motsitsa. Simukakamizidwa kubweza zonse tsiku limodzi n'kusiya ana amasiyewo opanda fizi, mukhoza kubweza pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Chiphunzitso chathu sichikakamiza munthu kudzinenera yekha poyera kuti abweze, choncho kubweza mosadzitchula dzina n'kololedwa. Ngati palibe njira iliyonse yofikitsira ndalamazo kumene zinachokera, pamenepo ndi pamene zingapite kwa osauka, makamaka anthu amene ntchito ya ofesi yanu inayenera kuwathandiza. Za anzanuwo, kulapa kwanu ndi kwanu, simulapira munthu wina. Koma dziwani kuti tsiku limene mudzafunsidwe ndi oyenera kufunsa, simudzakhala ndi ufulu wonama pofuna kuwateteza, ndipo ndi bwino kuti awiri kapena atatu amene mumagwirizana nawo muwauziretu zimenezi pamaso musanayambe kukana kusaina. Musanachite chilichonse, kakambiraneni ndi abusa anu pamaso ndi pamaso, pakuti zina mwa zimenezi si zolemba pa gulu.